Vinyo wa pa dongo: ndinakalawa Hamilton Russell wa 2024

"Alamu, ndiye mukuti ulendo wonsewu ndi wa vinyo wamitundu iwiri basi?"

Anandifunsa choncho alamu anga galimoto ikukwera Sir Lowry's Pass, Cape Town itatsala m'mbuyo mu nkhungu ya m'mawa. Ndinawayankha kuti eya, iwiri basi, woyera mmodzi ndi wofiira mmodzi, ndipo kuti akakafika adzaona okha. Anangopukusa mutu n'kusintha giya.

Ntchito yanga ndi yoperekera zakudya ndi vinyo mu lesitilanti ina ku Cape Town, ndipo ndaigwira zaka zoposa khumi. Kwathu ndi ku Zomba, cha ku Domasi. Vinyo woyamba amene ndinamudziwa ndi wa pa Mgonero, wotsekemera uja, kadontho kokha pa lilime. Nditafika kuno ndinkaganiza kuti vinyo wabwino ndi wotsekemera, ndipo woposa onse ndi wotsekemera kwambiri. Botolo limene linandisintha maganizo linali la Hamilton Russell, famu ya mipesa yomwe ili kufupi ndi tawuni ya Hermanus. Kasitomala wina anasiya pang'ono m'botolo, mkulu wathu wa vinyo anatigawira tonse usiku titatseka, ndipo ine ndinakhala chete nthawi yaitali tambula ili m'manja. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse akatulutsa vinyo watsopano ndimayesetsa kupita komweko kukamulawira pakhomo pake. Ulendo uno unali wa pa Lachiwiri lina mu Ogasiti, tsiku langa lopuma, ndipo vinyo wake anali chardonnay, woyera uja, ndi pinot noir, wofiira uja, onse a 2024.

Kuchoka ku Cape Town kukafika ku Hermanus ndi makilomita pafupifupi 120. Mumatsata msewu wa N2 kudutsa minda ya maapozi ya ku Elgin, kutsika Houw Hoek, kenako pa Botrivier mumakhotera mu R43. Pa Botrivier pomwepo ndinawakumbutsa alamu za chimvula cha kumapeto kwa Seputembala 2023, chomwe chinadula N2 pa mlatho ndi kuwononga msewu wa R320 wolowera kuchigwa chomwe tinkapitako. Sindinangokumbutsa chabe. Kuno mipesa imaphuka masamba mu Seputembala, mphesa n'kudzathyoledwa cha mu Febuluwale ndi Malichi. Choncho vinyo wolembedwa 2024 ndi wa mphesa zomwe zinali zikungoyamba moyo pamene chigumula chija chinkadutsa. Munthu ukamadziwa zimenezi sumugwira tambula mwachibwana.

Chigwacho chimatchedwa Hemel-en-Aarde, kutanthauza kumwamba ndi dziko lapansi m'Chiafrikaans. Mukangosiya Hermanus n'kulowa mu R320, mapiri amakutsekerani uku ndi uku moti chomwe mumaona ndi thambo ndi nthaka basi. Kalekale, kuyambira 1817, kunali malo osungirako akhate, mpaka anawasamutsira ku Robben Island m'zaka za m'ma 1840. Mipesa inabwera mochedwa kwambiri. Tim Hamilton Russell anagula malowa mu 1975, akufunafuna dera lozizira kuposa Stellenbosch ndi Paarl komwe vinyo wambiri wa dziko lino ankachokera. Vinyo woyamba anatuluka mu 1981, wopangidwa ndi Peter Finlayson. Mwana wake wa Tim, Anthony, anatenga udindo mu 1991 n'kugula famuyo mu 1994, ndipo ndi iye amene anaganiza zosiya mitundu ina yonse ya mphesa pa dzina limeneli n'kutsala ndi iwiri yokha. Lero amene akupanga vinyoyu ndi Emul Ross. Amene anamutsogolera sanapite kutali, anakayamba kupanga vinyo wawowawo m'dera lomweli: Finlayson anakayambitsa Bouchard Finlayson pafupi pomwepo, Kevin Grant ali ndi Ataraxia, Hannes Storm ali ndi Storm. Chigwa chonsecho chili ngati mudzi wa mbumba imodzi.

Mu Ogasiti mipesa imakhala yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, yodulidwa kale, mizere ya timitengo takuda. Alamu anaiyang'ana n'kunena kuti ikuoneka ngati munda wa chinangwa choti mbuzi zadya. Koma pakati pa mizereyo panali pobiriwira, ndipo mphepo yochokera ku nyanja inkalowa m'jekete ngati chiperoni cha pa Ku Chawe. Nyanja ili pafupi, makilomita ochepa kuseri kwa phiri, ku Walker Bay komwe anamgumi amabwera nyengo yomweyi. Mphepo imeneyo ndi imene imachititsa kuti mphesa zipse pang'onopang'ono, osathamanga.

Malo olawira vinyo ndi kanyumba kakang'ono m'mbali mwa damu. Palibe chionetsero, palibe nyimbo zaphokoso. Mayi amene anatilandira anaika matambula awiriawiri patsogolo pathu ndi kachitini kolavuliramo, chifukwa alamu ndi amene ankayendetsa galimoto ndipo anali atanena kale kuti sameza.

Tinayamba ndi chardonnay.

Mtundu wake ndi wachikasu chotuwa, ngati udzu wofolerera wongomweta kumene, ndipo ukaupendeketsa kowala umaoneka wobiriwira pang'ono m'mphepete. Ndisanazunguze tambula, fungo loyamba linali la machesi ongoyatsa kumene, kautsi kaja kamene kamatuluka moto usanagwire mtengo. Fungo limeneli ena limawadabwitsa, koma silikhalitsa. Nditazunguza kawiri katatu kunabwera mandimu, osati madzi ake koma khungu lake, monga zimamvekera ukalikanda ndi chikhadabo. Pansi pake panali kafungo ka mtedza wokazinga pa phale, wosapserera, ndi kena kake konga maluwa a mtengo wa lalanje madzulo.

M'kamwa ndi momwe vinyoyu amaonetsera chimene ali. Amalowa mowongoka, mopyapyala, kuwawasa kwake n'kukugwira m'mbali mwa lilime mpaka malovu kutuluka. Ukamati mwina ndi wowonda, pakati pake amafutukuka, n'kumveka wonona pang'ono ngati phala la mpunga lothira mkaka. Kenako amabwereranso n'kuthera pa kamchere. Kamchere kameneka ndi kamene ndimakafuna chaka chilichonse. Ndinameza n'kuyamba kuwerenga chamumtima. Ndinafika makumi atatu kakadali pa lilime.

Chardonnay wambiri amene ndimaperekera kuntchito amanunkhira batala ndi vanila moti sudziwa ngati ukumwa vinyo kapena ukudya keke. Zimenezo zimachokera ku migolo yatsopano ya mtengo wa oak ikachuluka mphamvu. Uyu nayenso amakhala m'migolo ya oak ya ku France, ya malita 228, kwa miyezi yosakwana chaka, koma mtengowo suli patsogolo. Uli ngati mchere mu ndiwo zophikidwa ndi munthu wodziwa: ukuumva kuti ulipo, koma sungauloze.

Alamu analawa, anasunga m'kamwa monga ndinawauzira, n'kulavula. Anakhala kaye phee. Kenako anati, "Alamu, ameneyu akundikumbutsa madzi a mumtsuko."

Mawu amenewo anandigwira mtima, chifukwa ndi zomwe ndakhala ndikulephera kuwafotokozera makasitomala m'Chingerezi zaka zonsezi. Agogo anga aakazi ankaumba mbiya. Ankakatapa dongo kudambo, kulisinja, kulikanda ndi manja mpaka litafewa, ndipo mtsuko wawo wa madzi akumwa unkakhala pakona ya nyumba pa mchenga wonyowa, wovindikira ndi mbale. Madzi a mmenemo sanali ngati a mufiriji. Anali ozizira mofatsa, ndipo anali ndi kakomedwe kawo, ka nthaka, koti ukamwa ludzu limatheratu. Chardonnay ameneyu ali ndi kuzizira kwa mtundu umenewo.

Ndipo dongo lilipodi pa nkhaniyi. Famuyi ndi yaikulu, koma mipesa ya vinyo ameneyu ili pa mahekitala 52 okha, pomwe nthaka yake ndi ya miyala yosakanikirana ndi dongo lambiri. Anthony atatenga famuyi anafufuza nthaka yonse n'kusankha malo amenewa, kusiya a mchenga. Aliyense amene analimapo pa makande akudziwa khalidwe la dongo: ndi lolemera, ndi lozizira, limasunga madzi nthawi ya chilimwe, ndipo mizu imavutika kulowamo. Mpesa wa pamenepo subereka zambiri, timphesa take timakhala ting'onoting'ono. Sindikunena kuti dongolo limalowa m'botolo ngati mmene limalowera m'madzi a mumtsuko. Koma limalamulira mmene mpesa umamwera madzi ndi mmene chipatso chimakhwimira, ndipo mapeto ake vinyo amatuluka wolimba, wosatsekemera, wokoma mobisa. Ndikaika tambula ya kuno pambali pa ya kumtunda kwa chigwa chomwechi, komwe nthaka ndi ina, kusiyana kwake ngakhale mlendo amakumva: wakumtunda amanunkhira zipatso msanga, wa kuno amayamba wakuyang'ana kaye.

Kwa ine chardonnay wa 2024 ndi wokonzeka kale. Angathe kusungika zaka zambiri, ndipo ndinalawapo akale a pa famu yomweyi amene anasanduka a uchi ndi mtedza, koma uyu ngakhale lero sakukubisira kanthu.

Pinot noir ndi nkhani ina.

Choyamba chimene chimasokoneza anthu athu ndi mtundu wake. Tinazolowera kuti vinyo wofiira azikhala wakuda bii, woti kuwala sikudutsa. Pinot ndi wofiira moyera. Ndinaika tambula pamwamba pa pepala lomwe anatipatsa ndipo zilembo zinkawerengeka bwinobwino kudutsira mu vinyoyo. Alamu anafunsa ngati anathiramo madzi. Ayi. Mphesa ya pinot ili ndi khungu lopyapyala, ndipo mtundu wa vinyo wofiira umachokera ku khungu. Khungu lomwelo ndi limene limachititsa kuti mphesayi ikhale yovuta kulima: dzuwa likachuluka imapserera, mvula ikagwa nthawi yokolola imaola msanga chifukwa zipatso zake zimathinana pa phava. Kwawo kwenikweni ndi ku Burgundy, ku France, komwenso kuli kwawo kwa chardonnay. Awiriwa ndi pachibale ndithu, pakuti akatswiri atafufuza anapeza kuti chardonnay ndi mwana wa pinot.

Nditanunkhiza koyamba sindinamve zambiri. Kanthaka konyowa, kafungo ka masamba ofota pansi pa mitengo, basi. Ndinalawa. Chipatso chinalipo koma chili patali, ndipo chomwe chinatsogola ndi khambi, kuuma kuja kumene kumagwira nkhama ukamwa tiyi wamphamvu wopanda mkaka. Alamu anakwinya nkhope.

"Uyu ndiye ayi, alamu. Woyera uja yemweyo."

Ndinawapempha kuti tidikire. Tinasiya matambula pa tebulo n'kutuluka kukaima m'mbali mwa damu, tikuyang'ana abakha ndi kukambirana za kumudzi, za mtengo wa feteleza ndi za denga la nyumba ya amayi lomwe likufunika malata atsopano mvula isanayambe. Panapita mphindi ngati makumi awiri.

Titabwerera, tambula ija inali itasanduka ina. Fungo linandipeza ndisanaifikitse pamphuno. Munali mabulosi akupsa, akuda aja amene amadetsa zala, ndi timasitiroberi ta pa phiri la Zomba tomwe anyamata amagulitsa m'timabasiketi m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe. Kumbuyo kwake kunali bowa, fungo lenileni la bowa wa m'nkhalango ukangomuzula mvula itagwa usiku, ndi kautsi pang'ono konga ka nkhuni zouma. M'kamwa khambi lija linali lidakalipo koma litafewa, losalala, ndipo kuwawasa kwake kunali kwa nthudza yakupsa bwino. Vinyoyu si wolemera. Samakudzaza m'kamwa ngati ofiira ena monga shiraz kapena cabernet. Koma ukameza amatsala, ndipo chotsalacho si shuga, ndi kanthu kena ka mchere ndi nthaka, kofanana ndi kamene kanali mu chardonnay. Pamenepo ndi pomwe umadziwira kuti awiriwa anakulira pa munda umodzi.

Alamu analawanso. Ulendo uno anachedwa kulavula, ndipo ndinaona kuti zinawavuta kutero.

Maganizo anga ndi akuti pinot wa 2024 adakali mwana. Zonse zofunika ali nazo, koma sanamasuke. Amene angamutsegule lero n'kumwa nthawi yomweyo adzaphonya theka la zomwe walipira. Ndikanakhala ndi malo ozizira osungira, ndikanamuika zaka zinayi kapena zisanu osamukhudza. Amene sangathe kudikira amuthire mu jagi yagalasi ola lathunthu chakudya chisanafike pa tebulo. Pa awiriwa, wa chaka chino amene wandigwira mtima kwambiri ndi chardonnay, ngakhale kuti dzina la famuyi limamveka kwambiri chifukwa cha pinot.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandichititsa kukonda malo ano kuposa kukoma kwa vinyo kokha, ndipo ndinawafotokozera alamu tili pomwepo. Mu Januwale 2019 moto wolusa unadutsa m'mapiri a kuno mphesa zitatsala pang'ono kukhwima. Utsi umalowa m'khungu la mphesa, ndipo pinot, poti amawira pamodzi ndi makungu ake, amautenga utsiwo. Chaka chimenecho sanagwiritse ntchito mphesa zawo za pinot. Anagula kwa alimi ena a m'derali, ndipo pa botolo analemba Walker Bay, dzina la dera lonselo, m'malo mwa Hemel-en-Aarde Valley, kuti wogula adziwe kuti si za pa munda wawo. Ine amene ndimaima pamaso pa kasitomala n'kumuuza kuti botolo ili ndi lotere, chilungamo chotero ndimachiwerengera kwambiri.

Chachiwiri ndi nkhani ya Berene Sauls. Mayi ameneyu anayamba ntchito pa banja la Hamilton Russell mu 2001 ngati wolera ana, kenako analowa mu ntchito za vinyo, ndipo mu 2015, mothandizidwa ndi Anthony, anapanga pinot noir wakewake pa dzina la Tesselaarsdal, mudzi wa makolo ake. Ife Amalawi amene tili kuno, ambiri tili m'makhitchini, m'minda ya maluwa ndi m'nyumba za anthu. Nthawi zonse ndikamatsegulira kasitomala botolo la Tesselaarsdal ndimafotokoza nkhani imeneyi, ndipo ndimaifotokoza ndi mtima wonse.

Tsopano za mtengo. Vinyo ameneyu ndi wodula, ndipo pinot ndi wodula kuposa chardonnay. Kwa munthu wa malipiro ngati anga, amene mwezi ukatha amayenera kutumiza kangachepe kumudzi, botolo limodzi ndi chinthu choganizira kawiri. Si vinyo wa Loweruka lililonse, ndipo si wa paphwando pomwe anthu akuthira m'makapu apulasitiki nyimbo zili m'mwamba. Ndikaona kuchepa kwa zokolola pa dongo lija ndi ntchito ya manja imene imalowapo, mtengowo ndimaumvetsa. Amene akufuna kulawa dzanja la anthu omwewa pa mtengo wotsikirapo angayambe ndi Southern Right, vinyo wawo wina wa sauvignon blanc ndi pinotage, amene dzina lake ndi la anamgumi a ku Walker Bay aja. Koma asaganize kuti walawa chinthu chimodzimodzi.

Mukagula, samalani komwe mukugula. Chaka china ndinagula pinot wabwino mu sitolo ina ya mumzinda momwe mabotolo anali pa shelefu yoyang'ana pa windo, dzuwa likuwawomba masana onse. Nditatsegula anali atapsa, akununkha ngati jamu wakale, ndipo ndalama zanga zinapita pachabe. Vinyo wotere amafuna mdima ndi kuzizira, botolo litagona. Pomwa, chardonnay asazizire kwambiri. Mumutulutse mufiriji mphindi makumi awiri musanathire, apo ayi mudzangomva kuwawasa kokha. Pinot naye asatenthe. M'chilimwe cha kuno, kapena mukapita naye kumudzi mu Okutobala, muikeni mufiriji theka la ola. Ndipo ngati mukufuna kupita ku famu komweko, imbani foni kaye kuti mudziwe nthawi yomwe amalandira alendo.

Ndinagula botolo limodzi la chardonnay. Alamu, amene m'mawa ankadabwa za ulendowu, anafunsa mayi uja mtengo wa pinot, anaganiza kanthawi, n'kunena kuti adzabweranso mu Disembala akalandira bonasi.

Pobwerera tinadzera ku doko la Hermanus n'kugula nsomba yaiwisi ya tsiku lomwelo. Kunyumba mayi a ana anaiwotcha pa makala ndi mchere ndi mandimu basi, n'kuphika nsima ya ufa woyera ndi bowa wotendera. Ndinali ndi nkhawa kuti nsinjiro zimuphimba vinyoyo, koma zinagwirizana naye bwino kuposa nsomba imene, chifukwa kamtedza ka m'tambula kanakumana ndi ka m'mbale, ndipo kuwawasa kuja kunkatsuka m'kamwa mbamu iliyonse ikadutsa. Ndi chambo chowotcha cha ku Mangochi ndikukhulupirira kuti zikanakoma koposa, ndipo ndikadzapita kumudzi ndidzanyamula botolo kuti ndikayese.

Alamu anali atasiya galimoto kwawo, choncho ulendo uno anameza. Mlongo wanga, mkazi wawo, amene samwa mowa wamtundu uliwonse, anangopempha kuti anunkhize. Anagwira tambula ndi manja awiri, anatseka maso, ndipo atatsegula anandifunsa ngati ndikukumbukira pomwe mtsuko wa agogo unkakhala.